Mafilimu Osalankhula ndi Anthu Amene Sadafunsidwe



Mwezi uno tikambirane za sinema yakale, ija ya zithunzi zoyenda koma zosatulutsa mau. Ocita sewero amangogwedeza milomo, ndipo pakati-pakati pamabwera mau olembedwa. Wosadziwa kuwerenga ankadalira mnzake wokhala naye pafupi. Taonera angapo mwa mafilimu amenewa, onena za nkhondo yapaciweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, pamene zigawo za kumwera zidafuna kudzipatula kuti zisunge ukapolo, ndipo za kumpoto zidakana.

Adawapanga ndi D. W. Griffith, mbadwa ya ku Kentucky, mwana wa msilikali wamkulu wa gulu la kumwera. Pakati pa 1909 ndi 1911 adajambula mafilimu afupiafupi a nkhondoyi ku kampani ya Biograph, iriyonse ya mphindi ngati 15.

Yotigwira mtima kopambana ndi The Fugitive, ya 1910. Anyamata awiri, onse dzina lao John, asiya amai ao ndi mabwenzi ao, wina kupita ku gulu la kumpoto, wina la kumwera. Wa kumpoto apha mnzakeyo, ndipo pothawa alowa m'nyumba ya mai wacikulire amene amubisa. Posakhalitsa maiyo adziwa kuti wabisa wakupha mwana wake. Kungotsegula citseko basi, asilikali akadamugwira. Koma akumbukira kuti mnyamatayu nayenso ali ndi mai wake amene akumudikira, ndipo amulola kuti apite. Apa Griffith sadasowe mau. Nkhope ya mai uja yanena zonse, ndipo ife sitikanamuonjezera kanthu.

Mu In the Border States, ya caka comweco, kamtsikana kabisa msilikali wa adani, ndipo pambuyo pake msilikaliyo aleka kupha bambo wa mwanayo. Phunziro ndi lomwe lija la makolo athu: cibale ndi fupa, siciola.

Tsono funso lathu nali: cibale ca yani? Nkhondo ija idabuka pa nkhani ya anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni amene adali akapolo. Nanga iwowo ali kuti m'zithunzimu? Mu His Trust, ya 1911, timuona kapolo George. Mbuye wake wafa ku nkhondo, nyumba yatenthedwa, ndipo George apereka kanyumba kake kwa mkazi wamasiye ndi mwana, iye nkugona panja pakhomo. Za ufulu wake, filimu iri cete. Ngakhale wosewera George sadali munthu wakuda ai, adali mzungu, Wilfred Lucas, wodzola zakuda kumaso.

Cobisika m'mafilimu afupi cidaonekera poyera mu 1915, mu The Birth of a Nation, filimu ya maola atatu yocokera m'buku la Thomas Dixon. Muli mabanja awiri okondana, a Stoneman a kumpoto ndi a Cameron a kumwera. Ana ao aang'ono awiri afera pamodzi ku nkhondo. Pamapeto Ben Cameron akwatira Elsie Stoneman, Phil Stoneman akwatira Margaret Cameron. Maukwati awiri, dziko lagwirizana. Koma cimene cawagwirizanitsa nciani? Ndi mdani mmodzi amene filimu yawapatsa, ndiye akapolo omasulidwa, ojambulidwa ngati zirombo. Ndipo opulumutsa ace ndi a Ku Klux Klan, gulu lobvala nsalu zoyera kumutu, limene linkaopseza ndi kupha anthu akuda.

Ena amati, “Aaa, si sewero cabe?” Iai ndithu. Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, lidayesetsa kuti filimuyi iletsedwe, koma makamu adakaionera ndithu. Mu Novembala 1915 gulu la Klan lidayambitsidwanso pa phiri la Stone Mountain ku Georgia, ndipo kwa zaka zambiri linkaonetsa filimuyi pokopa anthu. Mu 1920 Oscar Micheaux, munthu wakuda, adatulutsa Within Our Gates, yoonetsa banja la anthu akuda likupacikidwa ndi khamu la azungu. Iye adaika pa nsalu cimene Griffith adacibisa.

Sitikana kuti Griffith adali mmisiri. Kudumpha kucoka pa wothawa kupita pa womulondola, mpaka mtima wa woonera kugunda, adakudziwa bwino. Koma luso likamatumikira bodza, bodzalo limangoyenda mtunda wautali. Cikhululukiro ca mai wa mu The Fugitive ncoona cifukwa wokhululukayo ndi mwini cisoni. Mtendere wa mu The Birth of a Nation ngwonama cifukwa olakwiridwa sadafunsidwe, ndipo adasandutsidwa olakwa.

Ife kuno nkhani yotere si yacilendo. Nkhondo yathu idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'mabanja ambiri abale amene adali mbali ziwiri adadyeranso mbale imodzi. Tithokoza Mulungu. Koma inu a m'makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pamene mulemba mbiri ya midzi yanu, musalembe za onyamula mfuti okha. Mukafunsenso amai amene adasenzetsedwa katundu, ndi amene adathawira ku Malawi nasiya manda a ana ao m'njira. Cibale siciola, inde, koma makolo omwewo adatinso mlandu suola.