Njerwa za ku Masongola

M'tsinde mwa phiri la Zomba, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, muli nyumba ya Masongola, imene John Buchanan adamangira Kazembe Hawes m'chaka cha 1886. Alendo amatama nsanja zake ziwiri zosongoka, zimene zidaipatsa dzina. Ife nsanjazo sizitikopa kwenikweni. Ndi matama a munthu wofuna kuonekera patali. Luso tikuliona m'munsi, pa khonde lotchinga dzuwa ndi mvula, ndi pa zipupa zochindikala zimene zimasunga kuzizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Mabuku amatchula Buchanan, koma amene adaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziyala molunjika pa chingwe, maina ao adapita ndi mphepo.

Sitikulirira uvuni. Udadya nkhuni zambiri, ndipo boma lidachita bwino mu 2018 kuletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu. Chotidandaulitsa n'chakuti potaya njerwa tidatayanso khonde ndi kufatsa kwa mmisiri. Ansembe anzathu, taonani matchalitchi athu atsopano: zipupa zopyapyala, malata opanda siling'i. Mvula ya Januwale ikayamba, mlaliki amangooneka pakamwa kuyenda, mau osamveka ngakhale pa benchi lachitatu.