Nkhope Yakuda, Bulauzi Yoyera

Loweruka lina ndinali pa ukwati ku Katoto. Mwambo usanathe n'komwe, wojambula anali atayala kale zithunzi pakhonde la holo kuti anthu azisankha zawo. Mayi wina anatola chake, n'kuchiyang'anitsitsa, kenako anati, "Koma mnyamata ameneyu amatha, taonani mmene wandiwalitsira!" Ndinasuzumira. Mayiyo ndi wakuda bwino, khungu lake losalala, koma pachithunzipo anali mbuu ngati wangochoka kuchigayo. Pambali pake panali mkwatibwi, ndipo diresi imene telala anaisoka usiku ndi usana inangokhala chigamba choyera, chopanda mapindo, chopanda ulusi ndi umodzi womwe. Anthu ankalipira mosangalala. Ine ndinachoka mtima ukuwawa.

Masiku ano mu Mzuzu chithunzi timachiweruza ndi mafunso awiri: kodi ndawala, nanga kamerayo ndi ya ndalama zingati? Onsewa ndi mafunso olakwika. Kwa ine mayeso a wojambula wa kuno ndi amodzi basi. Aike nkhope yakuda ndi chovala choyera papepala limodzi, ndipo zonse ziwiri zioneke monga zilili, nkhope isamire mumdima, chovala chisapsereze maso. Amene walephera pamenepa sanayambe ntchito, ngakhale atanyamula kamera yolemera ngati mtondo. Ndipo ndikunenetsa kuti luso limeneli kwawo kwenikweni ndi m'chipinda chamdima, m'manja mwa munthu wotsuka zithunzi zakuda ndi zoyera.

Mzinda wathu umapereka mayeso amenewa tsiku ndi tsiku. Likulu la Sinodi ya Livingstonia lili konkuno, ndiye amayi a Umanyano simuchita kuwafunafuna: bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Onjezanipo anamwino, makwaya, ana olandira ubatizo, ndi anyamata a malipenga ochokera ku Nkhata Bay atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumasokosi. Anthu athu akafuna kukumbukiridwa amavala zoyera. Wojambula wosadziwa kusamalira kuyera pafupi ndi kuda amatiphonya pa masiku omwe tinkafunitsitsa kuoneka.

Vuto limayambira m'kamera momwemo. Kachipangizo koyeza kuwala mu Pentax K1000 kapena Nikon FM2 kanapangidwa kuti chilichonse kazichiyesa chotuwa, chapakatikati pa kuda ndi kuyera. Mukakalozetsa kwa amayi ovala zoyera, iko kamati kuwala kwachuluka, tsekaniko diso la lenzi. Mukamvera, mabulauzi amatuluka otuwa, nkhope n'kuzimiririka. Pamwamba pa izo pali mbiri. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi mzimayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley, kuti azilinganizira mitundu pa makina awo. Khungu lake ndilo linali muyezo wa khungu la munthu. Makhadi okhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana anachita kubwera m'ma 1990. Choncho makina sanabadwe akutidziwa. Amene ankakonza zimenezi ndi munthu, ndi diso lake ndi zala zake.

Pa filimu sindichedwapo. Tengani Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, onse a liwiro la 400. Tri-X wakhala akupezeka pa makamera ang'onoang'ono kuyambira 1954, ndipo chimene ndimawakondera awiriwa n'chakuti amapirira kuwala kukapitirirako pang'ono. Yezani kuwala pankhope, osati pamalaya, ndipo musamane filimu kuwala, chifukwa chimene sichinalembeke pa negetivu palibe mankhwala amene angachibweze. Kenako potsuka filimuyo mu D-76 kapena ID-11, fupikitsaniko nthawi kuti zoyera zisathithikane. Mankhwala amenewa amafuna madigiri 20. Apa Mzuzu anatikondera: wa ku Karonga kapena ku Nsanje amayenera kusaka ayezi, pamene kuno kozizira madzi sakhala kutali ndi muyezowo, mwina mu June ndi July kungowatenthetsako pang'ono. Filimu yamitundu, yotsukidwa m'njira ya C-41, imafuna pafupifupi madigiri 38 osasunthasuntha, ndiye n'chifukwa chake inagwa m'manja mwa makina.

Palinso mphatso ina imene timaidandaula m'malo moithokoza: chifunga. Chikatsika kuchokera ku Viphya, kapena kukachita mvumbi, ojambula ambiri amabisa makamera kudikira dzuwa. Zimandipweteka! Dzuwa la masana limakumba maenje m'maso mwa munthu, limayatsa moto pa bulauzi, limagawa nkhope pakati. Chifunga chimayala kuwala mofanana ngati nsalu yoyera yokuta thambo lonse, ndipo khungu lakuda limaonetsa zonse zimene lili nazo. Anzathu kunja amagula nyale ndi maambulera odula kuti apange kuwala kumene ife timakupeza ulere m'mawa ku Luwinga.

Tsopano tilowe m'chipindamo, chifukwa nkhani yanga yagona m'menemo. Ndinalowamo koyamba ndili mnyamata, kuseri kwa situdiyo ina pafupi ndi msika, kwa bambo wina wachikulire amene ankandilola kugwira wotchi. Munali kababu kofiira, fungo la mankhwala, mabeseni atatu, ndi makina okulitsira chithunzi amene iwo ankangoti enlarger.

Pa negetivu zinthu zimatembenuka. Nkhope yakuda imakhala yopyapyala, yoonekera ngati madzi. Bulauzi yoyera imakhala bii. Makina akaponya kuwala kudzera m'negetivumo, pankhope kumadutsa kochuluka ndipo pepala limada msanga, pamene pabulauzi kumadutsa movutikira ndipo pepala limatsala loyera. Ndiye kuti nthawi imodzi singakwanire zonse ziwiri. Mukapereka masekondi okwanira bulauzi, nkhope yasanduka khala. Mukapereka okwanira nkhope, bulauzi palibe. Wosadziwa amasankha chimodzi n'kutaya chinacho. Wodziwa amapatsa mbali iliyonse ya pepala nthawi yakeyake.

Bambo aja ankayamba ndi kachidutswa ka pepala, n'kumakatsegula pang'onopang'ono: masekondi 4, 8, 12, 16. Akakatsuka ankaona nthawi yoyenera chithunzi chonse, tinene 12. Ndiye ankaika pepala lenileni. Nyale ikayaka, ankalowetsa pakati pa lenzi ndi pepala kakatoni kozungulira komangirira kunsonga ya sipoko ya njinga, n'kutchinga nkhopeyo kwa masekondi atatu kapena anayi. Dzanja silinkaima. Linkanjenjemera dala, kuti mthunzi wa kakatoniko usasiye mkombero, ndiponso kuti wayayo asalembe mzere. Kenako ankayatsanso nyale, n'kukumbatiza manja awiri mpaka kutsala kabowo pakati pa zala, ndipo kudzera pamenepo ankathira kuwala pabulauzi pokha, masekondi ena 10, mwina 20, uku akuyendetsa manjawo ngati munthu wopeta. Papepala panalibe chooneka. Zonsezi ankazichita pa pepala loyera mbee, akudalira zimene akuziona m'mutu.

Ndiyeno pepala m'beseni loyamba. Kwa kanthawi, zii. Kenako tsitsi, kenako maso, kenako nkhope yonse n'kuyandama kuchokera pansi pa mankhwala, ndipo chakumapeto, mphindi yachiwiri ikuyandikira, mapindo a bulauzi n'kuyamba kutuluka limodzi limodzi, mabatani, kolala, mthunzi wa duku paphewa. Mpaka lero sindinaone chinthu china m'ntchito yojambula chondigwira mtima chotere.

Koma mvetsetsani cholinga, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokera. Kutchinga nkhope sikuiyeretsa. Mukatchinga mopyola, munthu amatuluka wotuwa ngati phulusa, ndipo mwachita tchimo lomwe lija la ku Katoto, kungoti mwalichita ndi manja. Cholinga n'chakuti kuda kukhalebe kuda, koma kokhala ndi masitepe ake: kunyezimira kwa pamphumi, kufewa kwa tsaya, mdima wa pansi pa chibwano, kadontho ka kuwala m'diso. Khungu lakuda lili ndi mitundu yambiri ya kuda kuposa mmene otiyeretsa amaganizira. Pepala la Multigrade, limene Ilford anayamba kupanga mu 1940, limathandiza zedi pamenepa. Mumasintha kuuma kwa chithunzi ndi timagalasi tamitundu, kuyambira 00 mpaka 5, moti mungathire kuwala kofewa pa bulauzi kuti ulusi utuluke, n'kuthira kouma pang'ono kuti maso ndi tsitsi zilimbe, zonsezo papepala limodzi.

Makina otsuka zithunzi zamitundu mu ola limodzi ankapereka nthawi imodzi kwa pepala lonse, ndiye sindiwawerengera ngati otsuka. Zosefera za m'foni zimangochita bwino ntchito imodzi, yopangitsa anthu onse kufanana ndi munthu amene kulibe. Ena adzati zonse ndafotokozazi zimatheka pa kompyuta. N'zoona, ndipo zida zake m'mapulogalamu ojambulira zinatengera mayina ndi zizindikiro ku chipinda chamdima. Koma ndi angati akuzigwiritsa ntchito mwa njira imeneyo? Pa kompyuta kulakwitsa sikudula, ndiye diso siliphunzira kuweruza lisanachite. Pepala lililonse lotayika linkawadya ndalama bambo aja, ndipo n'chifukwa chake ankayang'ana negetivu nthawi yaitali asanayatse nyale.

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi okonda filimu atsopano, amene ayambiranso kugula makamera akale padziko lonse, mpaka Pentax anatulutsa kamera yatsopano ya filimu mu 2024. Ambiri mwa iwo chimene akufuna ndi timadontho ndi mitundu yofwifwa, kuti chithunzi chizioneka chakale. Amatsukitsa filimu, n'kuisikana, n'kutaya negetivu. Kutaya negetivu! Kumeneko n'kudya mbewu. Anthu a mumzinda umene laibulale ya yunivesite yake inapsa mu December 2015 sayenera kuphunzitsidwa kufunika kosunga chinthu pamalo awiri.

Amene akukayika kuti kuda kuli ndi chuma aone ntchito za Roy DeCarava, amene ankajambula anthu a ku Harlem n'kumatsuka zithunzi zake modera dala, osaopa mdima, koma nkhope iliyonse ikupuma m'menemo. Aone Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948 n'kumajambula anthu ndi kuwala kwa panja, nsalu zamaluwa ndi khungu zonse zikuoneka. Aone Ricardo Rangel wa ku Mozambique, amene anajambula usiku wa m'mabala a Lourenço Marques, kenako n'kuphunzitsa ojambula ambiri ku Maputo. Nafenso sitinayambe dzulo. Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre ankajambula kale Amalawi atavala masuti ndi makolala oyera zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mwa amene anaima patsogolo pa kamera yake munali John Chilembwe ndi banja lake.

Chatsala ndi madzi. Pepala likachoka mu fikisa, mankhwala a m'beseni lomaliza, liyenera kutsukuluzidwa mokwanira, likakhala lokhuthala mpaka ola lathunthu, apo ayi mankhwala otsalira amalidya n'kulisandutsa lachikasu. Kuno kwachinyezi muyeneranso kuliumitsa bwino ndi kusunga manegetivu pouma, chifukwa chuku sichichedwa, chimalowa ndi m'malenzi momwe. Mukasamala, siliva wa m'pepala amakhala nthawi yaitali kuposa utoto wa zithunzi zamitundu. Kunyumba kwathu ku Chiputula, zithunzi zamitundu za m'ma 1990 zinafiira kalekale, anthu ake akuoneka ngati ali kuseri kwa utsi. Pakhoma lomwelo pali cha agogo anga aakazi atavala za Umanyano, chakuda ndi choyera, chakale kuposa zonsezo. Ndi akuda monga analili. Mphini ziwiri za pafupi ndi khutu lawo zikuoneka, ndipo pakolala ya bulauzi mungathe kuona pamene anazigamba ndi ulusi woyera.