Goli Lidachoka, Katundu Adatsala: Kuunika Mabuku a Mbiri ya Utsamunda

Munthu woyenda ku Chitala m'boma la Salima amaona minda ya thonje, mtedza ndi chimanga, komanso malo a boma ofufuzirapo za ulimi. Chakum'mawa kuli nyanja, imene m'zaka za m'ma 1800 idali njira ya ngalawa zonyamula minyanga ya njovu ndi akapolo. Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo anthu ogwidwa m'midzi ya Achewa ankawolotsedwa nyanja paulendo wa ku Kilwa. Funso limene lavutitsa olemba mbiri ndi ili: malonda oipawa atatha, kodi anthu a m'madera ngati amenewa adapezadi ufulu?

Olemba oyamba, amene ambiri adali atsamunda ndi amishoni, adayankha mosajejema kuti inde. Harry Johnston, amene adakhazikitsa ulamuliro wa Britain m'dziko muno mu 1891, adalemba buku lotchedwa British Central Africa mu 1897. M'bukumo Mzungu ndiye mpulumutsi, Mluya ndi Myao ndiwo adani, pomwe Mchewa ndi munthu wongoyembekeza kuomboledwa. Bukuli lili ndi phindu chifukwa lidasunga zambiri za nthawi imeneyo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Johnston yemweyo adapangana ubwenzi ndi Jumbe wa nthawi yake mu 1889 ndi kumamupatsa malipiro a pachaka, ngakhale chuma cha ufumuwo chidachokera ku akapolo. Komanso adagawa anthu potsata khungu. Maganizo ake adali akuti Azungu azilamulira, Amwenye azitukula dziko ndi malonda, ndipo anthu akuda azigwira ntchito yamanja. Choncho wothetsa ukapolo uja ndiye adayalanso maziko a tsankho latsopano.

Akatswiri a pambuyo pake adakana kuti nkhani idathera pomwe maunyolo adadulidwa. Frederick Cooper, m'buku lake la mu 1980 lotchedwa From Slaves to Squatters, adafufuza za ku Zanzibar ndi kugombe la Kenya, kumene ukapolo udathetsedwa mu 1897 ndi mu 1907. Iye adaonetsa kuti boma la atsamunda silidafune kuti omasulidwawo adzilimire okha, koma kuti akhale antchito olipidwa pang'ono m'minda ya eni malo. Omasulidwawo nawo sadangogonjera, adalimbana kuti apeze pokhala ndi polima mwa kufuna kwawo.

Mfundo imeneyi imamveka bwino ku Nyasaland. Msonkho wa nyumba udakakamiza amuna kusiya makomo awo kukafuna ndalama. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1900 boma lidalamula kuti wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi azilipira theka la msonkhowo. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'maesiteti. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku la Independent African la mu 1958, adafotokoza mmene nkhanza zotere ndi kunyozedwa kwa munthu wakuda wophunzira zidautsira John Chilembwe mu 1915. Landeg White, mu Magomero (1987), adatsata mudzi umodzi kwa zaka zoposa 100. Elias Mandala, mu Work and Control in a Peasant Economy (1990), adaonetsa kuti kuchigwa cha Shire ulimi wa thonje udasintha ubale wa akulu ndi achinyamata, ndiponso wa amuna ndi akazi. Mphamvu ya mabukuwa ndi yakuti amamuona mlimi wamba ngati munthu woganiza, wodziwa kuzemba, kukana ndi kukambirana.

Kwa anthu a ku Chitala, nkhani yowakhudza kwambiri ndi imene John McCracken adalemba mu 1982 yokhudza akatswiri a ulimi a nthawi ya atsamunda. Njanji idafika ku Salima mu 1935, ndipo m'zaka zomwezo thonje lidalimbikitsidwa m'chigwa cha Domira Bay kuti mafakitale a nsalu a ku Britain apeze chowomba. McCracken adaonetsa kuti malangizo a akatswiriwo kawirikawiri ankalephera, chifukwa eni ake sankalabadira nzeru za alimi odziwa nthaka ndi mvula ya kwawo. Apa ulamuliro sudabwere ndi goli kapena mfuti, udabwera ndi buku ndi chingwe choyezera mizere. M'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe adachititsa kuti anthu azilipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha kalimidwe ka m'munda mwawo momwe, ndipo mkwiyo umenewo udawonjezera moto wa ndale zofuna ufulu.

Ngakhale zili choncho, mabukuwa ali ndi zofooka zitatu. Choyamba, otchuka mwa iwo adayang'ana kwambiri kumwera, kumene kudali maesiteti ndi zikalata zambiri za boma, kotero mbiri ya kugombe la Salima imangotchulidwa modutsa. Chachiwiri, adalembedwa m'Chingerezi, chinenero chimene adzukulu a anthu okambidwawo ambiri sachiwerenga. Samuel Ntara adayesa njira ina m'zaka za m'ma 1940 pamene adalemba Mbiri ya Achewa m'chinenero cha eni ake, atafunsa akuluakulu a m'midzi. Komabe iye adatsata kwambiri za mafumu ndi mafuko, osati za anthu apansi.

Chofooka chachitatu ndicho chachikulu. Ukapolo sudali wa Aluya okha. M'midzi momwemo mudali mfulu ndi kapolo, mudali adzakazi okwatiwa ndi ambuye awo, ndiponso ana operekedwa ngati chikole pa mlandu kapena pa njala. Atsamunda atagonjetsa mafumu ogulitsa anthu cha m'ma 1895, ambiri mwa anthuwa adatsala pamakomo omwewo. Mawu awo samveka m'zikalata za boma, ndipo m'midzi nkhaniyi imakambidwa monong'ona, makamaka pakabuka mkangano wa ufumu kapena wa malo. Mbiri yodzudzula Mzungu yekha, ndi kubisa zimene anthu akuda ankachitirana, imakhala yopendekeka ngati ya Johnston yomwe.

Motero wophunzira woona mtima ayenera kufunsa mafunso atatu pa buku lililonse la mbiri: walemba ndani, wafunsa yani, ndipo wasiya yani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabuku a Cooper, White, Mandala ndi McCracken adatsegula njira posonyeza kuti kutha kwa ukapolo kudali chiyambi cha kulimbana kwina. Gawo lotsala la mbiriyo lili m'mitu ya agogo a m'midzi yozungulira Chitala, ndipo tsiku lililonse limene nkhalamba yaikidwa m'manda osafunsidwa, tsamba limodzi limang'ambika.