Mbiri ya Nsomba, Kapena ya Asodzi?

M'misika yathu muli nsomba youma ya mcere imene timaicha bakayao. Ambiri a ife timadya ndiwo zimenezi osafunsa kumene dzina lace linacokera. Dzinali ndi la Cipwitikizi, bacalhau, ndipo kwa eni ace litanthauza nsomba ya m'nyanja zozizira za kumpoto, imene Angerezi aicha cod. Nsombayo siipezeka m'madzi athu; cimene cinafika kuno ndi dzina, ndipo ife tinalipatsa nsomba zina zosungidwa ndi mcere. Cifukwa cace kuli koyenera kuti ifenso tiyese buku lochedwa Cod, limene Mark Kurlansky wa ku America analemba, nalisindikiza m'caka ca 1997. Pa cikuto pace pali mau onena kuti m'bukumo muli mbiri ya nsomba imene inasintha dziko lapansi. Funso lathu ndi ili: kodi mlembiyu wanena zoona za midzi ya asodzi ya zaka za 1500 kufikira 1800, ndi za cakudya ca anthu a m'midzimo?

Zimene mlembi wacita bwino

Poyamba tiyenera kumyamika cifukwa wayambira pa maziko eni eni, ndiwo kasungidwe ka ndiwo. Nsomba ya cod iri ndi mafuta ocepa ndithu m'mnofu mwace, pakuti mafuta ace akhala m'ciwindi. Nsomba ya mafuta siicedwa kununkha. Koma yopanda mafuta ikauma, iuma ngati cikuni, ndipo ikhala zaka yosaonongeka. Anthu a ku zisumbu za Lofoten, kumpoto kwa Norway, ankaipacika pa mitengo kuti iume ndi mphepo yozizira popanda mcere, naitumiza ku Bergen kumene amalonda a Cijeremani ankaigula. Masiku amenewo Eklesia analetsa kudya nyama tsiku Lacisanu ndi pa nyengo ya Lenti, kotero kuti nsomba youma inkafunika ngakhale m'midzi ya kutali ndi nyanja. Tingaonjeze kuti ku England, m'caka ca 1563, boma linalamula kuti Lacitatu likhalenso tsiku lodya nsomba, si cifukwa ca cipembedzo ai, koma kuti asodzi acuruke ndi kuti mfumu isasowe amalinyero pa nkhondo.

M'caka ca 1497 John Cabot anacoka ku Bristol nafika ku maiko a kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Kazembe wa ku Milan amene anali ku London analemba kuti anthu a Cabot ananena za nyanja yodzala nsomba, mwakuti munthu akangomiza dengu lomangirira mwala, aliturutsa lodzaza. Mbiriyi inawanda msanga. Pofika 1578, Anthony Parkhurst anawerenga zombo zogwira nsomba ku Newfoundland: za Afalansa ngati 150, za ku Spain zoposa 100, za Apwitikizi ngati 50, ndi za Angerezi ngati 50.

Mlembi afotokoza bwino lomwe umo mcere unalekanitsira mitundu imeneyi. Afalansa anali ndi mcere wambiri kwao, motero ambiri a iwo ankathira nsomba mcere m'combo momwemo, nabwerera nayo yaiwisi. Angerezi anali kugula mcere. Cifukwa cace ankathira pang'ono, nayanika nsomba pa matandala a pagombe. Tsono woyanika nsomba asowa malo a pamtunda, nkhuni, madzi akumwa ndi anthu osunga malowo nyengo yacisanu. Apa woŵerenga aona ndi maso ace umo kusowa kwa mcere kunathandizira kubala midzi. Iyi ndiyo nzeru yaikuru ya bukuli, ndipo msodzi ali yense wodziwa thandala la usipa adzaimva msanga.

Kumene mlembi waterereka

Koma m'mutu woyamba momwe muli cinthu cimene sitingacilole. Mlembi afuna kuti tikhulupirire kuti anthu a mtundu wa Basque, okhala m'malire a Spain ndi France, anafika ku America Cabot asanapite, nabisa cinsinsi cao kuti ena asadziwe kumene nsomba zao zicokera. Nkhaniyi ikoma m'makutu. Koma umboni wace uli kuti? Kunena kuti palibe umboni cifukwa eni ace anabisa ndiko kutseka mlandu mboni zisanalowe m'bwalo. Akuru anati, kandimverere anakanena za m'maluwa.

Taonani kusiyana kwace. Anthu a ku Norway ndi Greenland anakhala ku L'Anse aux Meadows, kumpoto kwa Newfoundland, kanthawi kocepa cabe ca m'ma 1000. Komabe mabwinja ao anapezeka m'caka ca 1960. Za anthu a Basque, Selma Barkham anafufuza zaka zambiri m'nyumba zosungira makalata akale ku Spain, napeza mapangano a nchito ndi makalata a mirandu. Makalatawo ndiwo anatsogolera ofufuza ku Red Bay, m'dziko la Labrador, kumene m'caka ca 1978 anapeza pansi pa madzi combo cimene aciganizira kuti ndi San Juan, comira m'caka ca 1565. Zonsezi zicitira umboni zaka za m'ma 1500, Cabot atapita kale. Ndipo mlembi mwini anena kuti woumitsa nsomba asowa mtunda. Ngati tsono anthu aja anayanika nsomba kumeneko mibadwo yambiri, mafuwa ao ndi manda ao ali kuti? Wolemba mbiri aloledwa kuganiza. Koma auze owerenga poyera kuti apa ndiri kuganiza cabe.

Nsomba kapena anthu?

Colakwa caciwiri ciri m'mutu wa buku. Nsomba siisintha dziko. Anthu ndiwo asintha. Mlembi akondwera kutsata zombo, amalonda ndi nkhondo, ndipo pofuna kukweza nsomba yace aipatsa mbali yaikuru ngakhale pa kupanduka kwa America kucokera kwa Angerezi, nkhani imene inali ndi mizu yambiri. Potero mudzi wa asodzi uoneka patali, monga mudzi umene munthu auona ali pa sitima.

Wofuna kulowa m'mudzimo awerengenso buku la Peter Pope, Fish into Wine, la caka ca 2004, lofotokoza za Ferryland, mudzi umene George Calvert anauyamba m'caka ca 1621. M'menemo tiona kuti nchito inali yogawana: ena m'bwato ndi mbedza, ena pagombe, wina wodula mutu ndi kucotsa matumbo, wina wong'amba ndi kucotsa fupa la msana, wina wothira mcere. Tiona zombo zotengera nsomba ku Spain ndi Portugal, ndi vinyo ndi fodya zimene asodzi ankatayirapo malipiro ao. Tionanso Sara Kirke, mkazi wamasiye, amene mwamuna wace atamwalira m'caka ca 1654 anayendetsa yekha nchito ya mabwato, nakhala mmodzi wa eni nsomba akuru a pa gombe lonselo. Tisaiwalenso Abeothuk, eni dziko, amene anapanikizidwa kucoka ku magombe kumene ankapeza cakudya. Womariza wodziwika wa mtundu wao, Shanawdithit, anamwalira m'caka ca 1829. Amene anawacotsa pagombe si nsomba ai.

Komabe pali malo awiri pamene Kurlansky wafika pa anthu, ndipo pamenepo buku lace liposa ambiri. Malo oyamba ndi pa nkhani ya akapolo. Nsomba zinkasankhidwa: yokongola ya ku Spain ndi Portugal, yong'ambika ndi yopsa ndi mcere ya ku zisumbu za West Indies, kukadyetsa akapolo a ku Afrika olima nzimbe. Zombo zinkabwerako ndi uci wa nzimbe, umene ku New England ankachezera kacasu. Lero ku Jamaica nsomba ya mcere yophika ndi cipatso ca ackee ndiyo cakudya cimene mtundu wonse unyadira. Koma inalowa m'dzikomo ngati phoso la ukapolo.

Malo aciwiri ndi pa maphikidwe amene mlembi wasonkhanitsa pakati pa mitu ndi kumapeto kwa buku. Ena angayese kuti izi ndi zokometsera cabe. Ife titi pamenepo ndi pamene pali mbiri yeni yeni. Mnofu wabwino unali wa malonda. Msodzi ankatsala ndi mitu, malilime, masaya ndi ciwindi, ndipo pa zotsalazo anapangapo zakudya zimene adzukulu ace azikonda kufikira lero. Ku Newfoundland aviika nsomba ya mcere usiku wonse pamodzi ndi mkate wouma gwa wa amalinyero, naziphika, nathirapo mafuta a nkhumba okazinga. Mbale imodzi yotere itiuza kuti dzikolo silinabale tirigu, kuti nyengo yacisanu inali yaitali, ndi kuti mwini nsomba sanali kudya nsomba yace yoposa. Cisoni ncakuti mlembi waika umboni wamphamvu cotere pambali, naika nthano patsogolo.

Ciweruzo cathu

Bukuli liyamba ndi asodzi a ku Petty Harbour, amene boma la Canada linawaletsa kugwira cod m'caka ca 1992, nsomba zitatha m'nyanja ija inali yodzaza dengu. Anthu ngati 30,000 anataya nchito, ndipo ciletsoco cinakhala kufikira 2024. Cenjezo limeneli mlembi walipereka momveka, ndipo pa cifukwa ici cokha bukuli liyenera kuwerengedwa, makamaka ndi ife amene taona cambo ciri kucepa m'nyanja ya Malombe.

Tsono titi: liwerengeni, koma ndi maso awiri. Za mcere, za akapolo ndi za maphikidwe, mkhulupirireni; za cinsinsi ca anthu a Basque, mfunseni mboni. Ndipo mwana wa kuno amene adzalemba mbiri ya usipa, matemba ndi utaka aphunzirepo zinthu ziwiri: ayambire pa thandala ndi pa mphika, kumene kuli amai oyanika ndi ophika, ndipo asasanganize zimene wapeza ndi zimene wangomva.