Za Tsinde la Nyumba

Pali gawo la nyumba limene amisiri alitcha plinth, liwu lochokera kwa Agriki, amene anatchula njerwa motero. Ife tinganene kuti tsinde la khoma, ndiyo mizere ija ya miyala kapena ya njerwa zootcha imene ituluka pamwamba pa maziko, nikweza nyumba kuti isakhale m'dothi la pabwalo.

Makolo athu liwulo sanalidziwe, koma nzeru yake anali nayo. Nkhokwe sanaikhazike pansi, anaisanja pa miyala. Ndipo nyumba anaizinga ndi khonde lokwezeka, limene amayi analizira chaka ndi chaka. Anazindikira kuti mvula siiononga khoma kuchokera kumwamba kokha. Madzi a padenga akagwa pansi adumphira m'tsinde, chinyontho chikwera m'zidina monga mafuta akwerera m'chingwe cha nyali, ndipo chiswe chitsata pambuyo pake.

Tsono ife tili ndi mlandu ndi nyumba zina zatsopano za kuno kwa Nsabwe. Munthu athyola tiyi miyezi yambiri, nagula malata, mazenera agalasi ndi utoto, pakuti izi ndizo aziona odutsa m'njira. Koma zidina aziyala padothi penipeni, wosatayapo ngakhale thumba limodzi la simenti. Mmisiri naye akhala chete, poopa kuti mnzake wotsika mtengo angamlande ntchito. Chonsecho dziko lathu nlotsetsereka, ndi mvula yake njochuluka. Pamene namondwe Freddy anafika m'mwezi wa March 2023, nyumba zambiri zinagwa m'Thyolo, m'Mulanje ndi m'Phalombe. Zina zinakokoloka ndi matope a m'mapiri, ndipo pamenepo palibe tsinde likadazipulumutsa. Koma zina zinangovunda kunsi ndi kukhala pansi, malata ake ali chiwalire.

Lamulo la amisiri silovuta: pansi pa nyumba pakwere masentimita 15 kapena kuposapo pamwamba pa bwalo, ndiyo mizere iwiri kapena itatu ya njerwa zootcha, ndipo pamwamba pake ayalepo pepala lakuda lapulasitiki lotsekereza chinyontho. Pamalo otsetsereka, kumtunda kwa nyumba akumbe ngalande.

Tsinde lili ndi ntchito inanso, ndiyo kukweza chimene anthu achilemekeza. Ku London, pabwalo la Trafalgar Square, kuli tsinde lalikulu lamiyala limene linamangidwa mu 1841, nilikhala lopanda kanthu zaka zoposa 150, popeza ndalama za chifanizo chake zinasowa. Kuyambira 2022 kufikira 2024 panaima chifanizo cha Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu, choumbidwa ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu. Anamuumba wamkulu kuposa mmishonale John Chorley woima naye limodzi, ndipo anamveka chipewa kumutu, chimene masiku aja munthu wakuda anayenera kuchivula pamaso pa Mzungu.