Makutu a Sitima Yankhondo

Pansi pa nyanja maso sathandiza. Kuwala kumathera pamwamba, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, liwiro loposa kanayi la mumpweya. N'chifukwa chake pa nkhondo ya panyanja ya Atlantic, kuyambira 1939 mpaka 1945, miyoyo ya anthu ambirimbiri inkadalira mnyamata wokhala m'kachipinda, atavala zomvera m'makutu, akuyendetsa makina a ASDIC.

Makinawo ankatumiza kulira m'madzi, iye n'kudikira kuti kubwerere. Ntchito yeniyeni inkayambira pamenepo. Nangumi amabweza kulirako. Gulu la nsomba limabwezanso, chimodzimodzi sitima imene inamira kalekale. Mnyamatayo ankafunika kusiyanitsa zonsezi ndi chitsulo cha U-boat, sitima yoyenda pansi pa madzi ya Ajeremani, ndiponso kudziwa, pongomva kuti liwu lakwera kapena latsika pang'ono, ngati mdaniyo akuyandikira kapena akuthawa. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, makamaka poganizira kuti ankamvetsera kwa maola ambiri, sitima ikukankhidwa ndi mafunde, tulo tili m'maso.

Kumayambiriro kwa 1944, gulu la sitima la Captain Frederic John Walker, wa pa HMS Starling, linamiza ma U-boat 6 pa ulendo umodzi. Mbiri imatchula Walker, ndipo m'pake. Komatu njira yake inkafuna kuti sitima imodzi itsalire patali, izimvetsera osataya mdani, kwinaku ikulondolera inzake yoyenda mwakachetechete kukaponya mabomba. Womvetserayo akanalakwitsa, mabombawo akanaphulika pachabe, ndipo U-boat ikanapeza mpata woponya bomba lake la torpedo.