Lezala la womezanitsa mango

M'mphepete mwa misewu ya Lilongwe, kuchokera ku Old Town mpaka ku City Centre, mbande zandanda m'machubu akuda. Eni nyumba za ku Area 10 ndi Area 43 amaimika galimoto, kufunsa mtengo, kukweza, ulendo. Ndi ochepa amaima n'kuyang'ana chipsera chili pa tsinde, pomwe pagona ntchito yonse.

Ine ndinakhala pa njerwa m'mawa wina kuonerera bambo wina wachikulire akumezanitsa. Zida zawo n'zosachititsa kaso: lezala, timizere todula ku jumbo ndi timapepala ta mafulizesi. Tsinde ndi mbande ya mango akumudzi, yonenepa ngati pensulo. Kanthambi kachokera ku mtengo wa Kent, mtundu wa ku Florida wofanana chiyambi ndi Keitt ndi Tommy Atkins. Njere ya Kent mukaifesa, mtengo wake sudzabala ngati make, n'chifukwa chake pamafunika lezala.

Amadula tsinde kumutu, n'kulibaya pakati kuti ling'ambike pang'ono. Kenako kanthambi amakasongola mbali ziwiri, kakhale ngati nkhwangwa. Dzanja limapita kamodzi mbali iyi, kamodzi mbali inayo, osabwereza, poti kupalapala kumasiya mabampu ndipo pabampu matupi awiriwo sagundana. Podulapo sakhudza ndi chala, salolanso kuti paume. Ndiye pamabwera chimene ndinadzera. Kanthambi kakachepa, sakaika pakati pa mng'alu. Amakakankhira mbali imodzi mpaka khungwa lake litalingana ndi khungwa la tsinde, akulimva ndi chala chachikulu, maso ali kwina.

"Bambo, bwanji osakaika pakati kuti kaoneke bwino?" ndinafunsa.

"Pakatipo ndi nkhuni chabe, achimwene. Moyo uli kunsi kwa khungwa."

Sanalakwitse. Kunsi kwa khungwa kuli kamzere kopyapyala, koterera, kamene asayansi amakatcha cambium. Maselo ake ndi ma stem cell a mtengo: amagawikana kosalekeza, ena n'kusanduka njira zokweza madzi kuchokera kumizu, ena njira zotsitsa chakudya kuchokera kumasamba. Timizere tiwiriti, ka tsinde ndi ka kanthambi, tikakumana, pabala pamamera mnofu watsopano ndipo njira zija zimalumikizana. Tikaphonyana, kanthambi kamauma, ngakhale mutamanga mokongola bwanji.

Zimene chala cha bamboyu chimadziwa, ofufuza akuziwerengabe masiku. Mu 2015, Charles Melnyk ndi anzake ku Cambridge anamezanitsa timbande ta kachitsamba kotchedwa Arabidopsis, napeza kuti njira za chakudya zimayamba kulumikizana patapita masiku ngati 3, za madzi n'kutsatira pa masiku ngati 7, ndipo kuti auxin, mankhwala amene mmera umapanga wokha, ndi wofunika pa kulumikizanako. Nthochi, chimanga ndi mpunga zilibe kamzere kameneka, choncho kwa nthawi yaitali anthu ankati sizingamezanitsidwe. Kumapeto kwa 2021 gulu lina la ku Cambridge komweko linaonetsa kuti zimatheka mukatenga tizigawo ta kamwana ka m'kati mwa njere, maselo asanasankhe chodzakhala. Bamboyu nditawauza za nthochi anangoseka, nati adzakhulupirira akadzadya.

Kumanga nako kuli ndi mwambo wake. Kamzere ka jumbo amakakulunga kuyambira mmunsi kukwera, mpindi uliwonse kuphimba unzake ngati udzu wa padenga, kuti madzi othirira asalowe pabala. Amakoka mpaka pulasitiki itatamuka, koma osafinya khungwa. Pamwamba amavundikira kapepala ka fulizesi, n'kuika mbandeyo pamthunzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu maso a kanthambi amatupa, timasamba tofiirira n'kutuluka. Mphukira iliyonse yomera kunsi kwa bala amaithothola msanga, apo ayi tsinde limalanda chakudya n'kubwerera kwawo.

Mango omezanitsa amayamba kubala pa zaka 3 kapena 4, pamene ofesa amakudikiritsani zaka zingapo pamwamba pake. Ogula ambiri amaona zokhazo, n'kumanenerera mtengo ngati akugula tomato ku msika wa Lizulu.

Inu mukapita kukagula, tembenuzani chubu muone chipsera: chikhale chopola mbali zonse, chopanda mng'alu. Ndipo pobzala musachikwirire, chitsale pamwamba pa dothi.